Jekete, majombo ndi kachileyi patatha miyezi 8

Papita miyezi 8 chigulireni katundu amene tidapita naye ku tchuthi kwa alamu anga, omwe amakhala m'tsinde mwa mapiri komwe chipale chofewa chimagwa mpaka kukwirira mipanda. Tidakakhalako masabata awiri, kenako tidabwererako katatu nyengo yozizira isanathe, ana atatiumiriza. Choncho katunduyu wagwiradi ntchito. Ndikadalemba izi sabata yoyamba, ndikadakunamizani.

Chomwe ndinkanyadira kwambiri chidali jekete la nthenga za tsekwe. Ndi lopepuka ngati mulibe kanthu m'manja, ndipo ukaima pamalo amodzi kudikira ana atsetsereke, umamva ngati wafunda bulangete. Nthenga zimatenthetsa chifukwa zimasunga mpweya pakati pake. Zikanyowa zimamatana, mpweya uja n'kuthawa, jekete n'kusanduka chiguduli. Ndidaziona ndekha tsiku lachinayi. Masana kudafunda pang'ono, chipale chidayamba kugwa chosakanikirana ndi mvula, ndipo pofika pagalimoto mapewa adali atalowa madzi, nthenga zitaunjikana timibulutimibulu m'makona. Ndinkanjenjemera mpaka kulephera kulowetsa kiyi.

Alamu adandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Alamu, m'katimo mwavala chiyani?" Ndidali nditavala malaya a thonje. Adapukusa mutu. "Ndiye jeketelo musaliimbe mlandu lokha. Thonje limamwa thukuta n'kulisunga pakhungu. Pokwera simumva kanthu, koma mukangoima limakutembenukirani." Adanena zoona. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndipo munthu amatuluka thukuta pokwera mtunda ngakhale kunja kukuzizira bwanji.

Madzulo omwewo adandibwereka malaya a m'kati a ubweya wa nkhosa za merino, ndipo m'mawa mwake tidagulira banja lonse. Ngati pali chinthu chimene ndingaguleso osaganiza kawiri, ndi chimenechi. Kamalaya kopyapyala, kosaoneka bwino n'komwe, koma ngakhale kanyowe ndi thukuta sikazizira pakhungu. Ndidakavala masiku anayi otsatizana osachapa, akazi anga osadandaula za fungo, ndipo iwo sabisa mawu pa nkhani zotere. Lero kali ndi timabowo tiwiri pamene lamba amakhuza, chifukwa ubweya wosalala chonchi sulimba ngati nsalu za fakitale. Ka mwana wamkulu ndidakachapa ndi madzi otentha, kadafupika mpaka kukwana mng'ono wake. Pamenepo wolakwa ndine.

Jekete lija ndikadali nalo, koma tsopano ndimalidziwa malo ake. Pokwera limakhala m'chikwama, ndikaima ndimalivala, kukagwa chonyowa ndimavala jasi losalowa madzi pamwamba pake. Zipi yake idayamba kuluma nsalu mwezi wachitatu, ndipo tinthenga timatuluka m'misoko apa ndi apo. Mukaona kanthenga katulukira, musakasolole, kakankhireni m'kati, apo ayi bowo limakula.

Majombo a ana adatiphunzitsa china. Wamng'ono, wazaka 6, tidamugulira omukwana ndendende, kenako n'kumuveka masokosi awiriawiri poopa kuzizira. Tisanayende ndi mphindi 20 zomwe, adakhala pansi n'kuyamba kulira kuti zala zikumuwawa. Ine ndinkafuna kuwonjezera sokosi lachitatu. Alamu adagwada, adamuvula jombo, adachotsa sokosi limodzi, adamufikisa phazi m'manja mwao mpaka lidafiira, n'kumuveka jombo momasula zingwe. Mwana adadzuka n'kuthamanga. Jombo likathina, magazi sayenda bwino kuzala, ndipo mpweya wofunda usowa pokhala. Gulani okulirapo pang'ono. Komanso ana sachedwa kukula: majombo amenewo pano sakumulowanso, asanathe n'komwe. A wamkulu adang'ambika msoko wa kutsogolo pa ulendo wachitatu, zomwe zidandinyansa chifukwa sadali otchipa maonekedwe ake.

Magolovesi a zala zisanu amaoneka bwino, koma ana amazizidwa nawo. Aja a thumba limodzi, omwe zala zinayi zimakhalira pamodzi n'kumafunditsana, ndi amene adatithandiza. Tidataya limodzi tsiku lachiwiri. Kuyambira pamenepo akazi anga adawasokerera chingwe chodutsa m'manja mwa jekete, ndipo sitidatayenso.

Kuzizira kwa kumtunda musakuyeze ndi kwa pakhomo. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5, osawerengera mphepo. Tsiku lina tidanyamuka pabwalo pali madigiri 2 pansi pa ziro, pamwamba tidakapeza kukuluma makutu. Foni yanga, yomwe batire lake lidali loposa theka, idangozima ndili pakati pojambula ana. Nditaiika m'thumba la m'kati, pafupi ndi chifuwa, idadzukanso. Tsopano imakhala momwemo. Dzuwa nalo lidatipusitsa. Chipale chongogwa kumene chimabweza mpaka 80 peresenti ya cheza chowotcha khungu, choncho umapsa kuchokera pansi, kunsi kwa mphuno ndi chibwano, malo amene sungaganize zopakako mafuta. Magalasi akuda si a matama kumeneko, maso amawawa usiku ngati mwalowa mchenga.

Tizitsulo tomangira pansi pa nsapato, tija ta lamba wa labala ndi tcheni, tidagula monyinyirika. Panjira youndana ngati galasi ndi pomwe tidatithokoza. Vuto lake dzimbiri: mukatisiya tonyowa m'thumba, sabata imodzi tafiira. Pukutani musanasunge.

Nanga kachileyi? Kapulasitiki kofiira, kokhala ndi chingwe kutsogolo, ndi komwe tidakagula mongoseweretsa, koma ndi komwe ana amakumbukira. Kuseri kwa nyumba ya alamu kuli kamtunda kotsetsereka bwino, pansi pake pali dambo lopanda mitengo. Wamkulu ankakhala kumbuyo, miyendo itazinga mng'ono wake, ine n'kukankha. Ankatsika akukuwa, chipale chikuwathira kumaso, kukagubuduka pansi uko, n'kudzuka oyera mbuu, akuseka osapuma. "Adadi, kamodzi kokha!" Kamodzi kameneko kankafika ka 15, ndipo wokoka kachileyi pokwera ndinali ine. Alamu adatiletsa zinthu ziwiri: kutsetsereka chamutu, ndi kutsetsereka kolunjika kumsewu kapena kumitengo. Tidamvera.

Pa ulendo womaliza, m'mawa wozizira koopsa, kadagunda mwala wobisika m'chipale n'kusweka pansi, mng'alu wotalika ngati chikhatho. Pulasitiki ikazizira kwambiri imauma gwaa, siipindika, imangothetheka. Ndidamata ndi tepi yolimba mbali zonse ziwiri, kadatha tsikulo, ngakhale kankakokera kumanzere. Chaka chino ndigula ka pulasitiki yochindikala, kapena ka matabwa, chifukwa ndikufuna kokwanamo ine ndemwe.

Jekete lili pahang'ala m'kabati, losapanikiza, kuti nthenga zisafe. Malaya a ubweya ndawatsekera m'thumba poopa njenjete. Kachileyi kosweka ndidafuna kukataya, koma wamng'ono adakana. Kali pansi pa bedi lake, wasungiramo magolovesi ndi chipewa, ndipo sabata yatha adandifunsa kuti kwatsala masiku angati.