Mpira wa Loweruka ku England: chingwe, intaneti, bala kapena wailesi?

Aliyense wofika kuno kuchokera kumudzi, akangopeza pogona ndi ntchito, funso lake limakhala lomwelo: "Achimwene, mpira mumaonera pati?" Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye werengani apa.

Musanatulutse ndalama dziwani ichi: Loweruka kuyambira 2:45 mpaka 5:15 masana, palibe kanema wa m'dziko muno wololedwa kuonetsa mpira uli mkati. Lamuloli ndi la m'ma 1960, ndipo amene analilimbikira ndi Bob Lord, wapampando wa Burnley, poopa kuti anthu akazolowera kuonera pakhomo asiya kupita kumabwalo a matimu ang'onoang'ono. Linapumako mu 2020 mabwalo atatsekedwa chifukwa cha Covid, kenako linabwerera.

Ine sindinkadziwa. Kampani ina ya TV ya chingwe inanditsekemera pafoni, ndinasaina kontilakiti ya miyezi 18. Loweruka limene Arsenal inkasewera 3 koloko ndinaitana anzanga awiri, nkhuku ili pamoto, ufa wa nsima uli pambali. Nthawi itakwana, pakanema panatuluka azibambo ovala masuti atakhala pa desiki, zomvera zili m'makutu. Iwo akuonera mpira, ife tikuonera nkhope zawo. Wina akagwira m'mutu, timvekere "kwachitika chiyani?" Posakhalitsa foni inalira. Mng'ono wanga ku Ndirande, ali pa benchi mu vidiyo sho, akukuwa chigoli. SuperSport kumudzi imaonetsa ndi masewero a 3 koloko omwe. Iye ali kutsidya la nyanja koma akuona zonse, ine bwalo lili ulendo wa sitima wa maola awiri ndipo ndikufunsa kuti wagoletsa ndani.

Lamulo si lawo a chingwewo, ndikuvomera. Chimene chinandiwawa ndi cha mu Epulo, bilu itakwera kontilakiti ili pakati. Nditaimba kuti basi ndasiya, anandiwerengera ndalama za miyezi yotsala, akuti ndicho chindapusa chotulukira msanga. Ndinakhalabe, ndikulipira mu Juni ndi Julaye ligi ili patchuthi, bokosi likungotola fumbi. Kuyambira pa 17 Januwale 2025, Ofcom, bungwe loyang'anira za mafoni ndi TV kuno, inalamula kuti makampani azinena pasadakhale, m'mapaundi enieni, kuti mtengo udzakwera ndi zingati. Zabwino, koma zanga zinapita kale. Musaiwalenso kuti laisensi ya TV ndi yapadera: mu Epulo 2025 inafika pa £174.50 pachaka.

Kulipira mwezi ndi mwezi pa intaneti n'kwabwinoko. Loweruka masana lamulo ndi lomwe lija, koma ligi ikatha mumangotseka osapepesa munthu. Vuto lake chithunzi chimachedwa: foni imakuuzani za chigoli wosewera asanamenye n'komwe, choncho muziiika chafufumimba. Komanso mpira unagawidwa pawiri. Kuyambira nyengo ya 2025/26 Sky Sports ili ndi masewero a Premier League osachepera 215, TNT Sports ili ndi 52, ambiri a Loweruka 12:30. Wofuna zonse alipira kuwiri.

Ku bala lamulo ndi lomweli, ndipo ndalama ya mowa wa masana amodzi ingagule ndiwo za masiku atatu. N'koyenera Lamlungu, timu yanu ikamakumana ndi adani enieni. Za tizipangizo toonetsa mpira tija amagulitsa mobisa pa WhatsApp sindikambapo zambiri: n'zoletsedwa, ndipo timakonda kuuma penate ikamamenyedwa.

Ine ndinabwerera ku wailesi. BBC Radio 5 Live imaulutsa mpira wa 3 koloko popanda kulipira kanthu, ndipo usiku wake zigoli zonse zimaoneka pa Match of the Day, pulogalamu ya pakanema wa BBC. Zimandikumbutsa bambo anga atatsamira kawailesi kamabatire pakhonde, Bullets ikulimbana ndi Wanderers pa MBC, mudzi wonse uli chete. Mwezi umene masewero akuluakulu achuluka ndimagula wa pa intaneti uja, ukatha ndimatseka. Kontilakiti ya miyezi 18 ayi ndithu, ngakhale atalonjeza kuwonjezerapo TV yaulere. A chingwe aja anaimbanso sabata yatha ndi "mtengo wapadera". Ndinawauza kuti aimbe Loweruka 3 koloko, adzandipeza ndili ndi mpata wokwanira.