Kochi wokonzekeretsa anthu boot camp ya Navy mu Harare: kuthamanga akuidziwa ntchito, kumadzi n'kumene kuli vuto

Kumadzulo kwa Harare kuli kagulu kamene kamakumana m'mamawa, masiku anayi pa sabata, ndi kochi wina amene amalengeza kuti m'masabata 12 akhoza kukonzekeretsa munthu mayeso a thupi a asilikali apamadzi a ku America. Ambiri mwa ophunzira ake ndi achinyamata a ku Mufakose, Kambuzuma ndi Dzivarasekwa, ndipo Chichewa chimamveka ndithu pakati pawo. Malipiro ndi apamwezi, pamanja kapena pa EcoCash (ndalama za pafoni), ndipo sasiyana kwenikweni ndi a jimu ya m'komboni. Ndalamayo ikupita poyenera ngati vuto lanu ndi befu. Ngati vuto lanu ndi madzi, mudzafunika mphunzitsi wachiwiri.

Chinthu chimodzi kochiyu amachinena poyera tsiku loyamba, ndipo apa tim'yamikire: iye salowetsa munthu usilikali. US Navy imalemba nzika za America ndi anthu a green card (chilolezo chokhazikika m'dzikolo) okha, a zaka 17 mpaka 41, ndipo zonse zimachitikira komweko. Mumakaonana ndi recruiter (wolemba anthu usilikali), kulemba mayeso olowera otchedwa ASVAB, kupimidwa ndi madokotala ku MEPS (malo opimira ofuna kulowa usilikali), kenako kudikira tsiku lopita ku Great Lakes, m'chigawo cha Illinois, kumpoto kwa Chicago. Boot camp ya Navy, kutanthauza maphunziro oyamba a msilikali watsopano, ili kumeneko kokha. Choncho maphunziro a mu Harare ndi a munthu amene mapepala ake ali kale m'njira. Wina aliyense wokuuzani kuti ali ndi fomu ya Navy m'chikwama, gwirani thumba lanu. Amene ali ndi pasipoti ya Malawi ena amayang'ana ku Royal Navy ya ku Britain, poti Malawi ali mu Commonwealth pamene Zimbabwe anatulukamo mu 2003. Nakonso amayesa kuthamanga makilomita 2.4 monga ku US Navy, ndiye gawo lothamanga likuwathandiza onse.

Mayeso enieniwo ali patatu, motsatana chonchi: ma push-up kwa mphindi ziwiri, plank yogonera pa mikono, ndi kuthamanga mailo imodzi ndi theka, yomwe ndi mamita 2,414. Pakati pake pamakhala kupuma kwa mphindi zochepa chabe. Kuyambira mu 2018 munthu akangofika ku Great Lakes ankayamba wathamanga mtunda umenewu kuti aone ngati angayambe n'komwe maphunziro, mwamuna asapyole 16:10, mkazi 18:07. Muyezo wotulukira ndi wokhwima kuposa pamenepo. Pa ma tebulo amene akhala akugwira ntchito zaka zambiri, mnyamata wa zaka 17 mpaka 19 amafunika ma push-up 46 ndi nthawi ya 12:15 kuti afike pa Satisfactory Medium, imodzi mwa magiredi okhozera mayesowa. Manambala amenewa Navy imawasintha nthawi ndi nthawi, ndiye pepala lomata pakhoma la kochi musalitenge ngati malemba oyera. Pemphani tebulo latsopano kwa recruiter wanu.

Pa kuthamanga m'pamene kochiyu akuoneka kuti ntchito akuidziwa. Sabata yoyamba sakuthamangitsani ngati wakuba. Amakuyesani kamodzi pa bwalo la mamita 400, kuzungulira kasanu n'kamodzi kuonjezapo masitepe ochepa, n'kulemba nthawi ya raundi iliyonse payokha. Kulemba kumeneku n'kofunika chifukwa kumaonetsa matenda a pafupifupi aliyense woyamba kumene: raundi yoyamba 1:40, yachitatu 2:20, yachisanu akuyenda wagwira m'chiuno. Wofuna 12:15 ayenera kuzungulira raundi iliyonse pa 2:02, osafulumira poyamba. Wa 16:10 ndi 2:41. Kochi amaima pamzere ndi wotchi n'kumafuula nthawi mukamadutsa, mpaka miyendo itazolowera liwiro lake popanda kuuzidwa. Amaumiriranso kuti poyesedwa muzithamanga m'njira yam'kati. Njira yachiwiri imaonjeza mamita pafupifupi 7 pa raundi, yachinayi opitirira 20, ndipo anthu ambiri amadziona ngati ochedwa pamene angothamanga mtunda wautali.

Sabata imagawidwa bwino. Lolemba ndi ma interval: mamita 400 pa liwiro loposa pang'ono la mayeso, kupuma masekondi 90, kuyambira kanayi n'kumakwera mpaka kasanu n'katatu. Lachitatu ndi kuthamanga kofatsa kwa mphindi 25 kapena 30, kofatsa moti mukhoza kucheza ndi mnzanu. Lachisanu ndi mamita 800 katatu kapena kanayi. Loweruka gulu limapita ku Mukuvisi Woodlands kukathamanga mtunda wautali panjira za dothi, ndipo dothi limachitira chifundo misongolo kusiyana ndi tala. Mtunda wa sabata yonse saukweza kwambiri nthawi imodzi, ndipo sabata yachinayi iliyonse amachepetsa dala. Achinyamata amanyinyirika kuti akuwachedwetsa, koma apa kochi akulondola. Mtima ndi mapapo zimazolowera m'masabata ochepa, pamene fupa limafuna miyezi. Munthu akadzimva mphamvu n'kuyamba kuthamanga tsiku ndi tsiku pamsewu, msongolo umayamba kuwawa m'mbali mwake. Ululuwo ukasonkhana pamalo amodzi oti mukhoza kuloza ndi chala, ndipo ukumveka ngakhale poyenda, n'kutheka kuti fupa layamba mng'alu. Wotero asiye kuthamanga akaonane ndi dokotala, chifukwa ming'alu yomweyi ndi imene imabweza anthu m'mbuyo ku boot camp.

Pali mawu amodzi otsatsira malonda amene ayenera kuchepetsedwa mchere. Kochi amakonda kunena kuti Harare ali pamwamba, mamita pafupifupi 1,500, pamene Great Lakes ili m'mbali mwa nyanja ya Michigan pa mamita pafupifupi 200, ndiye mukatsika mudzauluka. N'zoona kuti nthawi ya mu Harare imatsikako munthu akafika kumene mpweya uli wochuluka. Koma phindu limeneli limatha m'masabata ochepa, ndipo pakati pa kutera ku America ndi kulowa boot camp nthawi zambiri pamadutsa miyezi. Chimene mudzanyamule ndi chizolowezi chothamanga, osati magazi a kumtunda. Ndiponso mayeso a kumeneko amachitikira m'nyumba yaikulu yotchedwa Freedom Hall, pa bwalo lalifupi la makona ambiri, anthu ali thithithi. Wozolowera bwalo lalikulu lopanda anthu amataya masekondi pozemba anzake.

Ma push-up ndiye pali ulesi wa kawerengedwe. Ophunzira amawerengerana awiriawiri, ndipo mnzako sangakukanize nambala. Lamulo la Navy likuti msana, matako ndi miyendo zikhale mzere umodzi, mutsike mpaka chigongono chipinde ngati kona ya nyumba, mukwere mpaka mikono iwongoke. Kupuma n'kololedwa muli m'mwamba mokha. Bondo likagunda pansi, kapena mukanyamula dzanja kuti mulikutumule, ma push-up anu athera pomwepo. M'gululi mumaona anthu akugwedeza mutu okha, chiuno chili m'mwamba, mnzawo akuwerenga 55. Kwa wowerenga wosakudziwani amenewo ndi 30. Mankhwala ake ndi osavuta: ikani foni pansi chapambali, ijambule, muwerenge nokha madzulo. Kuti nambala ikwere, tengani theka la amene mumakwanitsa bwinobwino, muchite maulendo asanu, kupuma mphindi imodzi pakati, masiku atatu pa sabata. Kudziyesa mpaka kugwa tsiku lililonse kumangotupitsa mapewa.

Plank inalowa m'malo mwa ma curl-up, omwe ndi mtundu wa ma sit-up, mu 2021, koma kochiyu akutherabe nthawi yambiri pa ma sit-up, mwina poti ndi zimene anazolowera. Plank yake amaiphunzitsa molondola: zigongono pansi pa mapewa, manja osagwirana, thupi mzere umodzi. Chimene sachita ndi kuiika pamalo pake. Pa mayeso imabwera mapewa atatopa kale ndi ma push-up, ndipo munthu amene amakwanitsa mphindi ziwiri asanatope amanjenjemera pa mphindi imodzi. Kamodzi pa masabata awiri chitani zitatu zonse motsatana, monga zidzakhalire tsikulo.

Tsopano madzi. Pa chikalata chotsatsira palembedwa kuti kusambira kulimo, koma zimene zilipo ndi ulendo umodzi pamwezi ku Les Brown Pool, pafupi ndi Harare Gardens, aliyense kudzilipirira pakhomo, kochi ali pamtunda ndi wotchi yake. Kwa munthu wokulira ku Nkhotakota kapena ku Kariba zimenezi n'zokwana. Kwa mwana wobadwira ku Mufakose, amene madzi akuya sanawalowepo, ulendo umodzi pamwezi sungamuphunzitse kanthu. Ku Great Lakes aliyense ayenera kukhoza mayeso a third class swimmer: kudumphira m'madzi akuya kuchokera pansanja ya mamita atatu, kusambira mayadi 50, omwe ndi mamita 46, kuyandama chafufumimba kwa mphindi zisanu, ndi kudzaza mpweya m'zovala kuti zikuyandamitseni. Liwiro safunsa. Wolephera amabwezedwa kukaphunzira mobwerezabwereza pamene anzake akupitiriza zina, ndipo satuluka boot camp asanakhoze.

Chimene chimagwetsa anthu si mayadi 50 aja ayi, koma kuyandama. Munthu woonda wa minofu yolimba, monga amene kochiyu amawatulutsa, miyendo yake imamira. Akaona choncho amadzutsa mutu, mutu ukadzuka chiuno chimatsika, amayamba kupalasa mwamantha, ndipo pa mphindi imodzi mphamvu zatha. Kachitidwe koyenera n'kosiyana ndi zimene thupi limafuna. Kokani mpweya wodzaza chifuwa, ikani nkhope m'madzi, mikono ilendewere kutsogolo, msana uyandame. Mukafuna mpweya, kankhirani madzi pansi ndi manja pang'onopang'ono, tulutsani wakale nkhope ikadali m'madzi, tukulani pakamwa pokha, kokani wina, bwererani. Mapapo odzaza ndiwo akukuyandamitsani, ndiye musawakhuthule onse. Izi zimaphunziridwa kosaya, madzi a m'chifuwa, kuyambira masekondi 30, ndipo zimafuna kulowa m'madzi kawiri kapena katatu pa sabata ndi mphunzitsi amene ali m'madzi momwemo. Podumpha pansanja thupi likhale chilili, miyendo yopingasa pa akakolo, mikono yopingasa pachifuwa, maso kutsogolo. Woyang'ana pansi amagwa chamimba. Zonsezi m'maphunziro a kochiyu mulibe, ndipo musakaziyesere nokha ku damu kapena ku Lake Chivero. Pezani dziwe lokhala ndi wopulumutsa anthu.

Chachiwiri chodetsa nkhawa n'chakuti polembetsa safunsa za umoyo. Fomu yake ili ndi dzina, zaka ndi nambala ya foni basi. Pakati pa anthu akwathu chibadwa cha m'magazi cha sickle cell si chachilendo, ndipo ambiri ochinyamula sadziwa poti sadwala. Wotero akhoza kuthamanga ndi kulowa usilikali, koma akadzikakamiza mopyola muyezo pa dzuwa, ali ndi ludzu, akhoza kugwa mwadzidzidzi, ndipo n'zoopsa. Navy imapima magazi a aliyense wolowa. Kapimitseni muli konkuno, mumuuze kochi zotsatira. Mu Okutobala, pamene Harare amatentha dzuwa lisanakwere n'komwe, nyamulani botolo lanu la madzi chifukwa pabwalo sagawa. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka, minofu ikuwawa modabwitsa pambuyo pa tsiku lolemetsa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Imeneyo ikhoza kukhala minofu ikuphwanyika, ndipo imawononga impso.

Za zakudya amalankhula zanzeru, sagulitsa ma supplement. Nsima musaisiye, ingochepetsani mtanda wausiku ngati tepi ya m'chiuno ikukuvutani, poti Navy imayezanso kulemera ndi msinkhu. Mazira, nyemba, matemba ndi chiponde zikukwanirani. Nsapato amalola zilizonse, ngakhale za pa kaunjika ku Mupedzanhamo, ndipo palibe cholakwika bola muzipinde ndi manja musanagule: ikapindika pakati ngati patapata, kapena chidendene chadyeka mbali imodzi, isiyeni. Zodula zoti mukavale ku boot camp musagule, kumeneko amakupatsani zawo. Amagawanso pepala la Sailor's Creed (mawu a chikhulupiriro a msilikali wa Navy), malamulo 11 a mlonda otchedwa General Orders ndi maudindo a asilikali apamadzi kuti muloweze pamtima. Ndi kanthu kakang'ono koma kothandiza, chifukwa masiku oyamba ku Great Lakes tulo timachepa ndipo mutu sugwira zatsopano.

Masabata 12 akukwana kwa munthu amene akutha kale kuthamanga mphindi 15 osaima. Woyambira pansi penipeni awerengere miyezi isanu, ndipo alipire mwezi umodzi umodzi, osati zonse pakamodzi monga kochi amapemphera pofuna kukutsitsirani mtengo. Musanapereke ndalama mufunseni ngati angalole kuti Lachitatu lina lililonse mulisinthe n'kupita kosambira, ndiponso ngati iye mwini angawerenge ma push-up anu kamodzi pamwezi. Maiwe a mu Harare ambiri ndi apanja, ndipo mu Juni ndi Julayi madzi ake salowereka m'mawa. Amene ulendo wake uli chakumapeto kwa nyengo yozizira ya kuno ayambe kusambira mu Febuluwale kapena Malichi, kuthamanga kudzam'peza m'miyezi yozizira.