Digiri ya Computer Science ya University of London: Kodi Musankhe Nthambi Iti?

Mu 2019, University of London inayamba kupereka digiri yoyamba ya sayansi ya makompyuta yophunzirira pa intaneti kudzera pa Coursera, tsamba lophunzitsirapo maphunziro osiyanasiyana, ndipo maphunziro ake amakonzedwa ndi aphunzitsi a ku Goldsmiths, imodzi mwa makoleji ake. Yunivesiteyi si yachilendo pa nkhani yophunzitsa anthu akutali, chifukwa inayamba kupereka madigiri kwa ophunzira osakhala pasukulupo kalekale mu 1858. Chimene chimazunguza mutu anthu ambiri ofuna kulembetsa n'chakuti digiriyi inabwera ndi mayina 8: ya Computer Science yosaphatikiza kanthu, ndi nthambi 7 zapadera, zomwe ndi Machine Learning and Artificial Intelligence, Data Science, Web and Mobile Development, Physical Computing and the Internet of Things, Games Development, Virtual Reality ndi User Experience.

Munthu akaona mndandandawu amaganiza kuti akusankha pakati pa maphunziro 8 osiyana kotheratu, koma zoona zake si zimenezo. Digiriyi ili ndi magawo atatu, ndipo m'magawo awiri oyambirira aliyense amaphunzira zofanana, kaya analembetsa dzina liti. Gawo loyamba limaphunzitsa kulemba mapulogalamu pogwiritsa ntchito JavaScript, masamu a mitundu iwiri, mmene kompyuta imagwirira ntchito mkati mwake, komanso chiyambi cha Algorithms and Data Structures, phunziro la njira zimene pulogalamu imatsatira pothetsa vuto ndiponso kasanjidwe ka deta. Gawo lachiwiri limabweretsa zilankhulo zolembera mapulogalamu za C++ ndi Python, chitetezo cha makompyuta, kasungidwe ka deta, ndiponso ntchito yochitira limodzi pagulu. Kusiyana kumayambira m'gawo lachitatu basi, momwe wa nthambi yapadera amapeza kuti maphunziro ambiri anamusankhira kale, pamene wa Computer Science yosaphatikiza kanthu amadzisankhira yekha maphunziro 6 kuchokera m'nthambi zosiyanasiyana. Onse amamaliza ndi pulojekiti yaikulu.

Kakonzedwe kameneka ndimakayamikira, chifukwa kamateteza wophunzira ku chisankho chopupuluma. Mnyamata kapena mtsikana amene wangomaliza sekondale angakopeke ndi dzina la Games Development poti amakonda magemu, osadziwa kuti kupanga gemu kumafuna masamu a mavekitala ndi kuleza mtima kofufuza cholakwika chimodzi kwa masiku angapo. Akamafika m'gawo lachitatu amakhala atalawa mbali zambiri, ndipo amadziwa bwino kumene mtima ndi luso lake zagona.

Pa maganizo anga, kwa anthu ambiri digiri yosaphatikiza kanthu ndiyo yabwino koposa. Imalola munthu kutenga phunziro la Machine Learning limodzi ndi la mapulogalamu a m'mafoni, kenako n'kuwonjezera la kasanthulidwe ka deta, zimene zimafanana kwambiri ndi mmene ntchito yeniyeni imakhalira, popeza wolemba mapulogalamu sakhala pa chinthu chimodzi moyo wake wonse. Komanso mayina a nthambi amakalamba msanga: chimene chikutchuka lero chingazilale pakapita zaka khumi, pamene dzina la Computer Science limamveka kwa olemba anthu ntchito kulikonse, ndiponso kwa mayunivesite opereka digiri yachiwiri.

Izi sizikutanthauza kuti nthambi zapadera zilibe phindu. Munthu amene akugwira kale ntchito yosanthula ziwerengero ndipo akungofuna pepala logwirizana ndi ntchitoyo angachite bwino kusankha Data Science. Koma wofuna Machine Learning ayenera kudziwa kuti maphunziro awiri a masamu a m'gawo loyamba ndi poyambira chabe, ndipo kuti amvetse bwino mmene makina amaphunzirira kuchokera ku deta, adzafunika kuwerenga payekha mozama za mamatrikisi, calculus ndi probability. Nthambi za Virtual Reality ndi Physical Computing zili ndi vuto lina: zimakhudza zipangizo zogwirika, monga chipangizo chovala kumaso choonera zithunzi za Virtual Reality ndi timabolodi tamagetsi, ndipo wophunzirira kunyumba alibe labotale ya pasukulu yoti akabwerekeko kapena kukayeserako.

Za kaphunziridwe kake, digiriyi imatenga zaka 3 mpaka 6, ophunzira amayamba mu Epulo kapena mu Okutobala, ndipo amene alibe ziyeneretso zonse amatha kulowa akakhoza kaye maphunziro awiri oyambirira. Ufulu umenewu ndi wothandiza kwa munthu wapantchito kapena wapabanja, ngakhale kuti uli ndi mtengo wake: palibe mphunzitsi woti akufunseni chifukwa chimene simunabwere m'kalasi, ndipo amene sazolowera kudzikakamiza amatsalira mosavuta. Thandizo lalikulu limachokera kwa ophunzira anzake pa intaneti, choncho wamanyazi ayenera kuphunzira kufunsa.

Musanalembetse, werengani buku la malamulo a digiriyi la chaka chimenecho, makamaka mndandanda wa maphunziro a gawo lachitatu ndi malamulo osinthira nthambi, chifukwa zinthu zimenezi zimasinthidwa nthawi ndi nthawi. Ngati mwa maphunziro okakamizidwa a nthambi imene yakukopani mulipo awiri kapena atatu amene simukuwafuna, lembetsani Computer Science yosaphatikiza kanthu.