Usipa wofutsa, woyanika kapena wokazinga: wopikula ndi uti?

Anzanga amene mukuyamba geni ya usipa, musanakwere galimoto ya ku Mangochi dziwani kaye kuti katundu wanu akagulitsidwa kuti, komanso atha m'masiku angati. Asodzi a chilimira, khoka lalikulu logwirira usipa, amakocheza m'mamawa, ndipo pamene mwagula chigoba choyamba, usipawo wayamba kale kufewa.

Woyanika ndiwo wosalira ndalama. Mumangoumwaza pathandala, dzuwa n'kugwira ntchito yonse. Mu Seputembala ndi Okutobala zimenezi zimayenda bwino. Koma kuyambira Disembala mpaka Malichi, mitambo ikangokuta masiku awiri, usipa umanunkha, ntchentche zimaikira mazira, ndipo mpamba wanu umathera pathandala pomwepo. Wouma bwino umakhalitsa ndipo suthetheka m'thumba, n'chifukwa chake opita nawo kutali, monga ku Mchinji ndi ku Chipata, amaukonda. Vuto lake ndi kaukali kakuwawa kam'mimba, kamene ana ambiri sakafuna.

Ine mtima wanga uli pa wofutsa. Mumauviika kanthawi kochepa m'madzi owira a mchere, kenako pathandala. Umauma msanga, suwawa, ndipo mayi wogula ku Limbe kapena mumsika waukulu wa Lilongwe amaufunsa ndi dzina. Nkhuni ndi mchere zimadya ndalama, inde, koma mtengo wake umabweza. Chofunika n'kuusamala ngati mazira. Mukaupanikiza m'thumba, wina n'kukhalapo pamwamba pa lole, mukafika ndi mitu payokha ndi zinyenyeswa. Ulongedzeni m'dengu kapena m'katoni.

Wokazinga umakoma, umathanso msanga madzulo pamsewu. Koma mafuta ophikira ndi okwera mtengo, ndipo ukakhala masiku angapo umasintha fungo. Ngati mulibe ogula okudikirirani, musauyambe.

Palinso nyumba zoyanikiramo zokutidwa ndi pulasitiki, monga za ku Msaka ndi ku Cape Maclear m'boma la Mangochi. Mvula, fumbi ndi ntchentche sizilowamo, usipa wake umatuluka woyera, woyenera kuikidwa m'mapaketi a m'sitolo. Kumanga nyumba yotere munthu mmodzi sangakwanitse msanga, n'zofuna gulu, ndipo nsomba zikafa zambiri malo amachepa.

Choncho wa mpamba wochepa, m'chilimwe gulani woyanika wambiri ndi wofutsa pang'ono. Mvula ikayamba, futsani wonse, ndipo musagule woposa umene thandala lanu lingaumitse tsiku lomwelo.