Chimbale cha Get Out: filimu yofunika kuionera kawiri

Amene simunaionere filimuyi, yambani mwaionera, chifukwa m'munsimu muli zoulula mathero ake.

Chimbale cha Blu-ray cha Get Out, filimu ya Jordan Peele ya mu 2017, chili ndi filimu yonse ya mphindi 104, ndemanga za Peele mwini wake, zigawo zomwe anazidula, komanso mathero ena omwe sanaonetsedwe m'nyumba za kanema. Zithunzi zake n'zowala bwino, koma mbali yaikulu imachitika usiku, ndiye muzimitse magetsi. Mawu nawo musawachepetse. Missy Armitage amagodomalitsa Chris, mnyamata wakuda yemwe ali pachibwenzi ndi mwana wake wachizungu Rose, ndi kulira kwa supuni yomwe akutakasira tiyi m'kapu, ndipo pa sipika yaing'ono ya TV kaphokoso kameneko kamamira m'zokamba. Mukakaphonya, simumvetsa chomwe chamugwetsera Chris m'dzenje la mdima lija. Mahedifoni amathandiza kwambiri.

Woipa weniweni apa ndi Rose, yemwe Allison Williams anamusewera mochititsa nthumanzi. Mukamaonera koyamba amaoneka chibwenzi chabwino. Atagunda gwape pamsewu, wapolisi akufuna chiphaso cha Chris ngakhale sankayendetsa ndi iye, Rose akukalipa, ndipo woonera akuti mtsikanayu ndi wolimba mtima. Mukabwereza, mumazindikira kuti sankafuna kuti dzina la Chris lilembedwe paliponse pafupi ndi kwawo. Pomwe nkhope yake imasinthira ndi pa makiyi a galimoto: akunamizira kufufuza m'chikwama, Chris akukuwa, kenaka mwadzidzidzi nkhope gwa, makiyi ali m'manja. Ena mwa oonera amakakamirabe kuti naye anamugodomalitsa mayi ake. Filimuyi sipereka umboni wa zimenezo n'komwe. Williams anayankhapo kuti Rose ndi woipa basi.

Zizindikiro zina n'zosavuta kuziona. Masewera a bingo aja ndi okushoni yogulitsa munthu, monga zinkachitikira nthawi ya ukapolo ku America. Chris atamangidwa pampando, akudzipulumutsa potseka makutu ndi thonje lomwe wazula mumpando womwewo, mbewu yomwe akapolo ankathyola m'minda. Dean, bambo ake a Rose, yemwe ananena poyera kuti amadana ndi agwape, akufa atabayidwa ndi nyanga za gwape. Pa za Rose kudya Froot Loops (tizakudya tam'mawa tamitundumitundu tomwe amathira mkaka) zouma uku mkaka akumwera padera, ambiri amati ndi chizindikiro cha tsankho la mitundu. Mwina n'zoona, koma chomwe chimaziziritsa m'nkhongono ndi choti pa laputopu akusakasaka kale mnyamata wina.

Pofooka palipo. Vidiyo yofotokoza za opaleshoni ya ubongo imatafunira woonera zonse, ndipo Jeremy, mchimwene wake wa Rose, amaoneka woopsa msanga kwambiri.

Tsono mathero awiri aja. M'filimu yomwe anthu anaonera, nyali zofiira ndi zabuluu zikuthwanima, Chris akukweza manja, aliyense akudziwa zomwe zimachitikira munthu wakuda wopezeka pambali pa mzungu wovulala. Kenaka akutuluka ndi Rod, mnzake wa ku TSA, bungwe loona za chitetezo m'mabwalo a ndege ku America. M'mathero enawo afika ndi apolisi enieni ndipo Chris akuthera kundende. Onerani onse awiri motsatizana, kenaka mumvetsere Peele akufotokoza chifukwa chomwe anasinthira. Filimuyi inamupezetsa mphoto ya Oscar mu 2018 ya nkhani yolembedwa bwino.