Index for Inclusion ya a Booth ndi a Ainscow: ndaigwiritsa ntchito, nazi zomwe ndaona

Aphunzitsi anzanga angapo akhala akundifunsa za Index for Inclusion, buku lothandiza sukulu kudziunika ngati ikulandira ndi kuphunzitsa bwino mwana aliyense, eti ndi yothandizadi kapena ndi zija zimangotchuka ku ma workshop kenako nkuiwalika mu kabati ya ahedi? Ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Mwachidule ndi yothandiza ndithu, koma amene akufuna buku lomuuza kuti mwana wosamva umamuphunzitsa chonchi, wosaona chonchi, asavutike, mulibe zimenezo. Muli mafunso. Mafunso okhaokha mazanamazana, ndipo ambiri mwa iwo akufunsa za ifeyo akuluakulu, mwanayo amusiya kaye.

Kwa amene simukuidziwa, inatuluka koyamba mu 2000 ku England, anaisindikiza ndi a Centre for Studies on Inclusive Education a ku Bristol, ndipo maina amene amadziwika nayo kwambiri ndi a Tony Booth ndi a Mel Ainscow. Boma linaigawa m'masukulu onse a ku England nthawi imeneyo, kenako inakonzedwanso mu 2002, ina inabwera mu 2011, ndipo pano inamasuliridwa m'zinenero zambirimbiri, palinso ina yapadera ya sukulu za mkaka. A Ainscow wa ndi pulofesa amene wakhala nthawi yaitali ku yunivesite ya Manchester, koma asanafike kumeneko anali mphunzitsi, anakhalaponso hedi, ndipo zimaonekera m'kalembedwe kake, munthu wake amadziwa mmene mitingi ya sitafu imakhalira Lachisanu masana aliyense akuyang'ana wotchi. Ndi omwewonso anagwira ntchito ndi UNESCO pokonza zipangizo zophunzitsira aphunzitsi m'zaka za m'ma 1990, komanso anali nawo pa ntchito ya msonkhano wa ku Salamanca ku Spain mu 1994, uja maboma 92 ndi mabungwe 25 anagwirizana kuti sukulu wamba zizilandira ana onse, aulumali ndi opanda ulumali omwe. Ndiye Index yi mukaiona bwino ndi mfundo za ku Salamanca zija atazitsitsa kuti zifike pa desiki ya mphunzitsi.

Mmene anaikonzera ndi chonchi, anaigawa patatu: chikhalidwe cha pasukulu, malamulo ndi ndondomeko za sukuluyo, ndi zochitika zenizeni m'kalasi. Pansi pa gawo lililonse pali ziganizo zazifupi zosonyeza mmene sukulu yolandira aliyense imaonekera, zinthu ngati aliyense amalandiridwa bwino, ana amathandizana, aphunzitsi amagwirira ntchito limodzi, kuzunzana kwachepa, sukulu imayesetsa kulemba ana onse a m'dera lake, homuweki imathandiza mwana aliyense. Mukawerenga ziganizo zokhazo mungoti eee izi nde timachita kale. Vuto limayamba mukatsegula tsamba la mafunso a pansi pa chiganizo chilichonse, poti amakufunsani tinthu ting'onoting'ono toti simungazembe, monga kodi munthu wobwera koyamba pasukulu pano amalandiridwa bwanji, kodi uthenga wopita kwa makolo umafika kwa kholo losatha kuwerenga, kodi munthu wa pa njinga ya olumala angalowe paliponse. Apa nde pamakhala chete mu sitafu rumu.

Chomwe chinandigwira mtima ine ndi maganizo amene ali pansi pa zonsezi. Tonse tinaphunzitsidwa kuti mwana akamalephera timuyeze, timupezere dzina la vuto lake, timulembe mu rejisita ina yake, basi ntchito yatha, nkhani yake ndi ya mphunzitsi wa special needs. A Booth ndi a Ainscow amati tiyeni tifufuze zopinga zimene zikulepheretsa ana kuphunzira ndi kutenga nawo mbali, ndipo zopingazo nthawi zambiri zimakhala m'makhalidwe a sukulu, mu taimu tebulo, m'mene timakhazikira ana, m'mene timayankhulira. Komanso sakunena za ana aulumali okha ayi, akunena za mwana aliyense amene akutsalira kapena kukankhidwira kunja, kaya chifukwa cha umphawi, chinenero, kaya ndi mtsikana amene anyamata amamuseka akaimika dzanja. A Ainscow amakonda kutchula zinthu zitatu, kuti mwana apezeke m'kalasi, atenge nawo mbali, komanso apindule. Ife timathera pa choyambacho, bola dzina lili mu rejisita timati tachita inclusion, kutanthauza kuti talandira ana onse.

Gawo limene ndingati ndilo mtima wa chinthu chonsechi ndi mafomu ofunsa ana eni ake. Pali fomu yoti mwana asonyeze ngati akugwirizana ndi chiganizo, akugwirizana pang'ono, kapena ayi, ndipo kumapeto alembe zimene amakonda pasukulupo ndi zimene angafune zitasintha. Ife titawapatsa ana tinkayembekeza kuti adandaula za mabuku ndi madesiki. Zinatuluka ndi zina. Ambiri analemba za nthawi ya buleki, kuti kuli malo ena kuseri kumene aphunzitsi safikako ndipo ndi kumene ana aang'ono amalandidwa zinthu ndi kutchulidwa maina achipongwe. Mtsikana wina amene tonse tinkati ndi wamanyazi chabe analemba kuti aphunzitsi akamayankhula atayang'ana ku bolodi iye samva chilichonse, amadikira atembenuke kuti aone milomo. Mwanayu anali atakhala kumbuyo temu yonse poti ndi wamtali, timakhazika ana potengera msinkhu. Kumusamutsa kubwera kutsogolo, chakumbali koti aziona nkhope ya mphunzitsi ndi ya anzake, sizinatenge ndalama iliyonse, ndipo kulemba kaye kenako nkutembenuka nkuyankhula ndi chizolowezi choti mphunzitsi aliyense angachiphunzire. Zoterezi ndi zimene Index imachita bwino kwambiri, imakupatsani njira yoti mumve zimene ana akhala akuzidziwa kalekale koma palibe anawafunsa.

Tsono zosakoma zake, chifukwa zilipo ndithu.

Ndi yaikulu mopitirira. Olemba ake amanena okha kuti simukuyenera kuyankha funso lililonse, musankhe, koma munthu ukangoona kuchuluka kwa masambawo mphwayi imakugwira, ndipo ya 2011 ija nde inanenepa kuposa, a Booth anawonjezeramo nkhani ya mfundo za umunthu zoyenera kutsogolera sukulu komanso maganizo atsopano okonzera silabasi yonse, za chilengedwe ndi zina zotero. Ndi zabwino kuwerenga koma mphunzitsi amene ali ndi mulu wa makope oti achonge usiku sangafike kumeneko. Ine ndimaona kuti ya 2002 ndiyo yogwirika, ndipo imapezeka pa intaneti.

Ndondomeko yakenso imafuna nthawi ndi anthu. Amati mupange kagulu kotsogolera, muitanenso munthu wakunja woti azikuuzani chilungamo mwachikondi, mufufuze za sukulu yanu, mukonze pulani, muigwiritse ntchito, kenako muunikenso nkuyambiranso, ndipo kuzungulira kamodzi kokha kumadya pafupifupi chaka cha sukulu. Ngati ahedi sakuzifuna iwalani, chifukwa mayankho ena amakhudza ofesi yawo yomweyo, ndipo si hedi aliyense amene angakhale pansi nkumamva sitafu yake ikunena kuti maganizo athu samveka pano. Ndaonapo kwina atangoisandutsa fomu yochonga, aliyense nkulemba kuti zonse zili bwino kuti apite kunyumba msanga, ndiye pamenepo mwangoononga mapepala. Zili ngati kugula sikelo koma nkumaima ndi phazi limodzi pansi.

Chinanso, imaonekeratu kuti inalembedwera sukulu za ku England. Muli mafunso okhudza othandizira aphunzitsi m'kalasi, ma governor (a komiti yoyang'anira sukulu), akatswiri obwera kuchokera kunja, zinthu zoti sukulu zambiri padziko pano zilibe. Mukakhala ndi kalasi yodzadza mpaka pakhomo mafunso ena mumangowadumpha, ena muyenera kuwalembanso mwanu. Ubwino wake amalola zimenezo, amachita kulimbikitsa kuti muwonjezere mafunso anu.

Koma dandaulo langa lalikulu ndi ili, ndipo apa ndimasiyana nawo pang'ono olembawa. Posafuna kuti tizingoloza chala mwana, iwo anapendekera mbali imodzi mpaka luso lapadera silikumveka mokwanira. Mwana wosaona amafunika munthu wodziwa Braille, wosamva amafunika chinenero chamanja, ndipo chikhalidwe cha sukulu chikomeretu bwanji zimenezo sizibwera zokha. Mkangano umenewu si wachilendo, ngakhale a Mary Warnock, amene lipoti lawo la 1978 ndilo linasintha kwambiri nkhanizi ku Britain, anadzalemba mu 2005 kuti kuika ana onse m'sukulu wamba kukupweteka ena mwa iwo, ndipo panabuka phokoso lalikulu. Ine sindili kumbali yobwezera ana ku sukulu zapadera, Pangano la United Nations la 2006 la ufulu wa anthu aulumali linanena kale momveka pa Ndime 24 kuti ana aulumali ali ndi ufulu wophunzira limodzi ndi anzawo, koma kholo la mwana wa autism likakufunsani kuti mawa mmawa mwana wanga mumuthandiza bwanji, Index siikupatsani yankho, mufunika kukafuna kwina.

Ngakhale zili choncho ndikuona chifukwa chake ntchito ya a Ainscow inafalikira chonchi. Chikhulupiriro chawo nchoti sukulu zambiri zimadziwa kale zambiri kuposa zimene zimagwiritsa ntchito, nzeru zilipo koma zatsekeredwa m'kalasi ya mphunzitsi mmodzi. Ndi maganizo omwewo anapita nawo ku Greater Manchester Challenge, pulogalamu yotukula sukulu za m'dera la Manchester, kuyambira 2008 mpaka 2011 komwe ankalumikiza sukulu kuti ziziphunzitsana, kenako ku Wales. Kwa ife zinaoneka pomwe tinayamba kulowerana m'makalasi awiriawiri, osati kukayendera ngati ma inspector, kungokhala kumbuyo nkumaona ana atatu okha amene sayankhula kuti akutani mphunzitsi akamaphunzitsa. Mphunzitsi wina, mayi wachikulire amene sayankhula nkomwe pa mitingi tinapeza kuti ali ndi njira yake yodikira kaye asanaloze woyankha, amawauza ana ayambe anong'onezana ndi mnzawo, ndipo m'kalasi mwake manja amaimika ndi ana amene kwa ine sanayambe atsegulapo pakamwa.

Ndiye ngati mukufuna kuiyesa, musapulinte yonse. Tengani chiganizo chimodzi kapena ziwiri ndi mafunso ake, muyambe ndi fomu ya ana ija musanafunse aphunzitsi, ndipo asalembe maina. Ahedi akhalepo kuyambira tsiku loyamba. Pa nyenyezi zisanu ine ndikuipatsa zinayi, imodziyo ndachotsa chifukwa cha kunenepa kwake ndi nkhani ya Braille ndi chinenero chamanja ija.