request_irq kapena request_threaded_irq pa Linux

Onse awiri ndi ma function a kernel olembetsera handler, function yomwe imaitanidwa chipangizo chikatumiza interrupt (chizindikiro choitana CPU). Ngati chipangizo chili pa PCI (bus yolumikizira zipangizo mkati mwa kompyuta), request_irq ikukwanirani. Handler iwerenge ma register ndi readl, izimitse interrupt, ituluke msanga. Mkati mwakemo kugona (kuima nkusiyira ntchito zina CPU podikira china chake) nkoletsedwa: mutex (loko) ayi, kmalloc ya GFP_KERNEL (yopemphera memory) ayinso.

Pa I2C, bus yomwe masensa ambiri amagwiritsa ntchito, nkhani ndi ina. Kuti mudziwe chomwe sensa ikufuna muyenera kuitana i2c_transfer, yomwe imagona podikira bus. Mukaiika mu handler wamba, kernel imadandaula kuti "scheduling while atomic", mwinanso makina kuuma. Apa tengani request_threaded_irq, yomwe inalowa mu kernel 2.6.30: imalandira ma handler awiri, ndipo yachiwiri imayenda mu thread ya kernel momwe kugona nkololedwa. Mukasiya handler yoyamba NULL, chonde musaiwale IRQF_ONESHOT, flag yomwe imasiya mzere wa interrupt uli wotseka mpaka thread itamaliza. Popanda iyo kernel kawirikawiri imakana ndi -EINVAL, chifukwa mzerewo ungamangoitana mosalekeza thread isanagwire ntchito. Choipa cha request_threaded_irq nkuchedwerako pang'ono podikira kuti scheduler idzutse thread.